Nyumba za Mkungudza Pamwamba pa Mulanje: Mbiri ya Bungwe la Okwera Mapiri

Ife a ku Petauke ndi ku Nyimba tikamanena za kuzizira timakhala tikunena za m'mamawa wa Juni ndi Julaye, pamene amayi ogulitsa nthochi m'mphepete mwa msewu waukulu wa ku Lusaka amafunda zitenje ziwiriziwiri ndi kuunjikana pa mbaula, ana a sukulu nayenda manja ali m'khwapa kufikira dzuwa litakwera. Ndipo tikamanena za mapiri timakhala tikunena za zitunda zija za pakati pa mlatho wa Luangwa ndi Kacholola, zimene malole olemedwa amakwera mobuula ndi kutsika mwamantha. Kuzizira kwathu kumalowa m'mafupa ndithu, koma dzuwa likaomba kumatha. N'chifukwa chake ambiri a ife zimativuta kukhulupirira kuti m'dziko la anansi athu a ku Malawi, amene timamvana nawo chilankhulo ndi kukwatirana nawo, muli phiri limene mnyamata wamphamvu, wosadwala kanthu, angathe kulikwera m'mawa akuseka, usiku womwewo n'kufa ndi mphepo. Ndi kuti kwa zaka zoposa 70 pakhala bungwe la anthu odzipereka, lotchedwa lero Mountain Club of Malawi, limene linayamba chifukwa cha kukonda phirilo, koma phirilo linaliphunzitsa kuti wokonda kukwera ayenera kudziwanso njira yotsikira ali moyo.

Phiri limeneli ndi Mulanje, loima palokha kum'mwera chakum'mawa kwa Malawi, pafupi ndi malire a Mozambique, minda ya tiyi ili mbali ina, chigwa cha Phalombe chili mbali inzake. Amene sanalionepo asaliyese phiri limodzi la nsonga imodzi, pakuti ndi dziko lathunthu lokwezedwa m'mwamba: munthu akakwera maola angapo kuchokera pansi amatulukira pa madambo aakulu a udzu, okwera pafupifupi mamita 2,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo pa madambo amenewo m'pamene pamayambiranso mapiri ena a thanthwe lokhalokha, amene wamkulu wa onsewo ndiye Sapitwa, wa mamita 3,002. Boma la Petauke lili pa mamita pafupifupi 1,000. Ndipo popeza mpweya umazizira ndi madigiri 6 kapena kuposerapo pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera, usiku umene ife kuno tifunda bulangete limodzi n'kugona tulo tabwino, kumeneko madzi a m'zithaphwi amaundana, udzu n'kudzuka m'mawa uli mbee ndi chisanu. Chipale chofewa, chimene ana athu amangochiona pa zithunzi, sichigwa kawirikawiri paphiripo, ngakhale zolembedwa zimakumbukira kuti mu Juni 1954 chinagwa mpaka kuunjikana pansi.

Koma chimene chimapha anthu pa Mulanje si kuzizira kokha ayi. Kuyambira mwezi wa Meyi kufikira Ogasiti kumaomba mphepo yachinyezi yochokera kum'mwera chakum'mawa, ku mapiri a Mozambique, imene eni dziko amaitcha chiperoni. Imabwera ndi nkhungu ndi mvula yowaza, imatha kufika masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo ikafika imatha kukhala masiku atatu kapena anayi osasuntha. Nthawi yomweyo munthu saonanso mnzake amene ali naye mapazi khumi, thanthwe limene anakwerapo louma limasanduka loterera, timitsinje timene anadumpha m'mawa timadzaza n'kumalira m'zigwa, ndipo zovala zake zikanyowa mphepo imamulanda kufunda konse kwa m'thupi. Zinthu zinayi zimenezi, nkhungu, thanthwe loterera, mtsinje wodzaza ndi chovala chonyowa, ndizo zalemba mbiri ya maliro a paphiripo.

Eni phiri, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe okhala m'munsi mwake, anazidziwa zimenezi kalekale Mzungu asanaponde dzikolo. Ankakwera kukasaka nyama, kukafula uchi, kukakumba mankhwala ndi kukathira nsembe, ndipo phirilo ankaliyesa mudzi wa mizimu, woloweka ndi ulemu ndi malamulo ake. Anali nawo malo osayenera kufikako, ndipo anali nazo nkhani za anthu amene anapita osabweranso. Ophunzira ena amazinyoza nkhani zimenezi, koma ine ndimaziyesa buku loyamba la chitetezo la paphiripo, lolembedwa m'mitima ya anthu amene anaika abale awo m'manda. Azungu anadza pambuyo. David Livingstone analiona phirilo mu 1859. Alexander Whyte analikwera mu 1891 natola nthambi za mkungudza umene lero ukutchedwa ndi dzina lake m'mabuku a zomera. M'chaka chomwecho Henry Brown anayamba kubzala tiyi pa Lauderdale. Ndipo mu 1893 boma linamanga linga la Fort Lister pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, kutseka njira ya ogula akapolo. Tisaiwale kuti masiku amenewo dziko lathu lino la kum'mawa kwa Luangwa linkalamuliridwa kuchokera m'dziko limene lero ndi Malawi, kufikira likulu linasamukira ku Fort Jameson mu 1899. Kotero mbiri ya kumeneko si ya alendo kwenikweni kwa ife. Mu 1927 boma linalengeza phirilo kukhala nkhalango yotetezedwa, ndipo a zankhalango anamanga nyumba za matabwa a mkungudza pa madambo apamwamba, zogonamo antchito awo poyang'anira mitengo ndi kuzimitsa moto wolusa.

Tsono m'chaka cha 1949 kunachitika chinthu chimene chinamveketsa dzina la Mulanje kutali. Bungwe la boma la Britain lotchedwa Colonial Development Corporation linatuma mlembi wa ku South Africa, Laurens van der Post, kudzazonda Mulanje ndi Nyika ngati angathe kuwetapo ziweto. Pa Chambe, limodzi la madambo apamwamba aja, anapeza mkulu wa zankhalango wachinyamata, Fred France, akukhala m'kanyumba ka matabwa pamodzi ndi mkazi wake ndi mwana wakhanda, ndipo France anatsagana nawo paulendo wozungulira phiri. Chiperoni chinawatsekereza m'chigwa cha Ruo. Mvula inagwa osaleka, mitsinje inasefukira. Ndipo pofuna kuoloka mtsinje wina pamwamba pa mathithi, France analowa m'madzi atamangidwa chingwe, madziwo anamukokolola, chingwe chinaduka, nagwera kuphompho anzake akupenya. Anali munthu wodziwa phirilo kuposa Azungu ambiri a nthawi yake, ndipo ichi ndicho chimandiopsa m'nkhani yake, kuti kudziwa njira sikunamuthandize pa tsiku limene kunafunika kungokhala pansi ndi kudikira madzi aphwe. Kanyumba kake pa Chambe kakutchedwabe France's Cottage kufikira lero.

Buku limene van der Post anasimbamo za imfayi, Venture to the Interior, linatuluka ku London mu 1952, ndipo m'chaka chomwecho, kutatsala chaka chimodzi kuti chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chikhazikitsidwe, anthu okonda kukwera phirilo anasonkhana napanga bungwe lawo, Mlanje Mountain Club, monga ankalembera dzina la phirilo masiku amenewo. Ambiri mwa mamembala oyambawo anali Azungu, a m'minda ya tiyi, a m'maofesi a boma ndi a m'makampani a ku Blantyre ndi Limbe, anthu ofuna kuthawa kutentha kwa m'chigwa pa Loweruka ndi Lamulungu. Ndipo sitiyenera kubisa kuti poyamba linali bungwe la chisangalalo cha anthu ochepa, m'dziko limene eni ake ambiri anali kulira ndi thangata. Patapita zaka, dziko litalandira ufulu ndi maulendo a bungwelo atafika ku mapiri ena a Malawi, dzina linasintha kukhala limene likudziwika nalo lero.

Ntchito ya bungweli, munthu akaiyang'ana pamwamba, ndi yaing'ono ndi yosamveka mbiri. Nyumba za paphiri n'za a zankhalango, koma bungwe linagwirizana nawo kuti m'nyumbamo mukhale mosungira katundu wake motsekedwa ndi loko, mokhala matiresi, mapoto, mbale, nyale ndi zina zotere, kuti membala akatenga kiyi asavutike kusenza zonse kuchokera pansi. Linathandiza kukonza nyumbazo zikamadontha, kulambula njira, kuunjika milu ya miyala ndi kupaka utoto pamatanthwe kuti woyenda m'nkhungu adziwe polowera. Linkatsogolera maulendo a mamembala, kuti wachilendo aphunzire kwa wozolowera. Ndipo munthu akasowa kapena kuvulala, mamembala ake ankakhala pakati pa oyamba kuitanidwa. Motero pang'onopang'ono panakhala mndandanda wa nyumba, Chambe, Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani, Madzeka ndi Minunu, pamodzi ndi nyumba yakale ya mpingo wa CCAP pa Lichenya, zotalikirana ulendo wa maola ochepa, kotero kuti munthu wanzeru angathe kuzungulira phiri lonse osagona panja ngakhale usiku umodzi. Mu 1979 Frank Eastwood, mmodzi wa akatswiri okwera matanthwe a nthawiyo, anatulutsa buku lake la Guide to the Mulanje Massif, lofotokoza njira iliyonse, kutalika kwake, maola ake ndi kuopsa kwake, kuphatikizapo khoma lakumadzulo la Chambe, la mamita pafupifupi 1,700, limene okwera ndi zingwe amalitcha lalitali koposa mu Africa. Ndipo kwa mbadwo wathunthu bukulo linali m'chikwama cha mlendo aliyense.

Kuti mumvetse chimene nyumba zimenezi zili kwa munthu, muyenera kufika pa imodzi ya izo madzulo a Julaye, nkhungu itatsika, miyendo ikunjenjemera, zala zitauma kotero kuti simungathe kumasula chingwe cha nsapato. Musanaione nyumbayo mumayamba mwamva fungo la utsi. Mlonda, amene amakhala pamenepo masabata ambiri kutali ndi banja lake, amakhala atakuonani kale muli kutsidya. Amatuluka atavala chijasi chakale ndi chipewa chaubweya, nakulandirani chikwama ndi manja awiri, nati, Takulandirani achimwene, lowani muothe moto. M'kati muli chipinda cha matabwa chonunkhira mkungudza, moto ukuyaka pa ng'anjo, ndowa ya madzi a pamtsinje ili pakona, ndipo pathebulo pali buku lolembamo alendo, lodzaza ndi zilankhulo za maiko ambiri. Mlondayo safunsa zambiri. Amangoyang'ana milomo yanu ndi mayendedwe anu, ndipo akaona kuti mphepo yakulowani amakuuzani kuti muvule zonyowa musanachite china chilichonse, iye n'kutereka ketulo. Sanaphunzire za udokotala, koma waona anthu ambiri akulowa pakhomo limenelo, ena ndi mapazi awo, ena pa machila.

Pamenepa m'pamene mtima wanga uli m'nkhani yonseyi. Mabuku a mbiri ya phirili asunga maina a Azungu amene anayamba kukwera nsonga yakuti ndi khoma lakuti, ndipo n'koyenera kuti asungidwe. Koma maina a amuna amene anasenza katundu wawo, amene anawaonetsa pooloka mtsinje ndi phanga lobisalamo mvula, amene ankagona m'kanyumba ka mlonda pamene mabwana ali pa matiresi, ambiri a iwo sanalembedwe paliponse. Kiyi inali m'thumba la membala, koma chidziwitso chinali m'mapazi a wamtengatenga. Amuna omwewa, kapena abale awo, ndiwo ankatsika phiri atasenza matabwa a mkungudza pamutu, opanda nsapato, m'njira zotsetsereka zimene mlendo amatsika chokhala pansi. Ndipo kufikira lero munthu akathyoka mwendo pamwambapo, palibe galimoto ingamufikire, ndipo ndege ikhoza kulephera chifukwa cha nkhungu, koma ndi amuna a m'midzi ya Likhubula, Lujeri ndi Fort Lister amene amamutsitsa pa machila mosinthanasinthana, nthawi zina usiku wonse. Mpikisano wothamanga wa onyamula katundu, umene unayamba m'zaka za m'ma 1990 ndipo umachitika nyengo yozizira chaka ndi chaka, unaonetsa dziko chimene amunawa ali: njira ya makilomita oposa 20, yochokera ku Likhubula kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya ndi kutsikiranso ku Likhubula, imene mlendo amayenda masiku awiri, opambana amaimaliza m'maola awiri ndi mphindi zowerengeka.

Kuti tione bwino chimene bungwe la chitetezo cha paphiri limaimapo, tiyeni tiyang'ane kanthawi ku dziko la Switzerland, kumene ngozi ya mapiri ndi chigumukire cha chipale chofewa. Kumeneko chipale chimagwa miyezi yambiri n'kumasanjikizana, ndipo usiku wozizira koopsa, kumwamba kuli kopanda mitambo, chipale cha m'kati chimasanduka timibulu tosagwirana. Pamwamba pake pakadzagwa china chimene mphepo yachitsendereza n'kulimba, phiri lonse limakhala ngati chitseko chogonekedwa pa mtedza wosenda woyanikidwa pamalo otsetsereka, chimene chimaoneka chokhazikika kufikira munthu atachipondapo. Kuzizira kukapitirira, msampha umenewu umakhala masabata ambiri osaoneka ndi maso, makamaka pa malo otsetsereka kupitirira madigiri 30. Mu 1936 akatswiri anayamba kufufuza zimenezi pa Weissfluhjoch, pamwamba pa mzinda wa Davos. Mu 1942 ntchitoyo inakhala bungwe la boma, lodziwika ndi zilembo za SLF. Mu 1945 linalandira kwa asilikali udindo wochenjeza dziko lonse. Ndipo nyengo yozizira ya 1950 ndi 1951 itapha anthu 98 m'dzikomo, ambiri ali m'nyumba zawo, boma linamanga zotchinga m'mapiri ndi kujambula mapu oletsa kumanga nyumba m'njira za chigumukire. Mu 1999 kunagwanso chipale chambiri chotero, ndipo anafa anali 17.

Lero amene amafa kumeneko kawirikawiri si a m'midzi, koma otsetsereka pa ski amene amasiya njira zokonzedwa n'kulowa m'mapiri opanda mlonda, ndipo mwa anthu 10 alionse ogwidwa ndi chigumukire, pafupifupi 9 amakhala atachiyambitsa okha kapena anzawo a paulendo. Kuyambira 1993 maiko a ku Ulaya anagwirizana muyeso umodzi wa ngozi, wa masitepe 5, ndipo bungwe la ku Davos limatulutsa chenjezo madzulo ndi m'mawa nyengo yonse yozizira. Koma chimene ndikufuna muchione n'chakuti, ngakhale ali ndi makompyuta ndi zipangizo zoyezera zoimikidwa m'mapiri, chenjezolo limadalirabe anthu pafupifupi 200 okhala m'mapirimo, amene amadzuka m'bandakucha kukayeza chipale ndi kutumiza zimene aona. Ndiponso madokotala anapeza kuti wokwiriridwa ndi chipale akafukulidwa mphindi 15 zisanathe, oposa 9 mwa 10 amakhala ndi moyo, koma ikapitirira theka la ola otsala amakhala ochepa. Kotero aliyense wolowa m'mapirimo amanyamula kachipangizo kolira kosonyeza pamene wakwiririka, ndodo yofufuzira ndi fosholo, podziwa kuti womupulumutsa ndi mnzake amene ali naye pomwepo, osati ndege yochokera kumzinda. Azungu anafika pa nzeru imeneyi ndi masamu, ndipo ndi yomweyo imene ili pa Mulanje: moyo wa munthu uli m'manja mwa wokhala paphiri ndi woyenda naye.

Mulanje anaphunzitsanso zimenezi kawiri m'zaka zathu zino, ndipo kawiri konseko ndi misozi. Mu Sepitembala 2003 mtsikana wa ku Netherlands, amene anabwera kudzathandiza ntchito m'boma la Mulanje, ananyamuka yekha kulunjika ku Sapitwa, ndipo ngakhale anamufunafuna masiku ambiri, sanaonekenso. Mu Julaye 2009 mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, wophunzira za chuma amene anali atayenda maiko ambiri a Asia ndi Africa, anasiya womuperekeza m'munsi mwa nsonga napitirira yekha, atavala zopepuka, pofuna kufika pamwamba ndi kubwerera tsiku lomwelo. Nyengo inasintha. Anamufunafuna ndi ndege ndi akatswiri ochokera kunja, koma amene anapeza mtembo wake, patapita pafupifupi masabata atatu, anali amuna a m'midzi yapafupi. Ndipo chimene chinamupha chinali kuzizira. Mnzake wa paubwana, Fellipe Barbosa, anapanga kanema wa ulendowo mu 2017, ndipo anthu amene anakumana ndi Gabriel m'njira anasewera mbali zawo iwo eni. Akulu anati safunsa anadya phula, koma sindifuna kumuweruza mwana wa eni ake. Anali ndi liwiro la unyamata limene tonse tinali nalo, ndipo panalibe lamulo lolimba lomubweza. Masiku ano pali nyumba ya Chisepo m'munsi mwenimweni mwa Sapitwa, operekeza alendo ali ndi bungwe lawo ndi mndandanda wosinthana ntchito, ndipo mlendo amalembetsa dzina pa ofesi ya zankhalango ndi kupatsidwa womuperekeza asanakwere.

Popeza imfa ya kuzizira ndi yachilendo kwa ife, ndi bwino ndinene mmene imabwerera. Thupi la munthu limafunda madigiri 37, ndipo likatsika kupitirira 35 ngozi yayamba. Poyamba munthu amanjenjemera ndi kuluma mano. Kenaka amayamba kupunthwa, kulankhula mokoka lilime ndi kuyankha zosagwirizana, kotero kuti anzake angamuyese woledzera. Pambuyo pake kunjenjemera kumaleka, tulo tokoma timamugwira, ndipo ena amayamba kuvula zovala poganiza kuti atenthedwa. Choopsa chake n'chakuti nzeru ndizo zimayamba kufa, kotero wodwalayo sadziwa kuti akudwala. Ichi ndicho chifukwa chake woyenda yekha alibe mwayi. Mankhwala ake ndi apafupi: kumuchotsa pamphepo, kumuvula zonyowa, kumufunditsa ndi kumuyala pansi pake, ndi kumupatsa chakumwa chofunda cha shuga ngati angathe kumeza, kachasu ayi, pakuti amanyenga khungu kuti lafunda pamene m'kati mukuzizirabe.  

Chigumukire nachonso Mulanje ali nacho, chokhacho kuti si cha chipale koma cha matope, miyala ndi mitengo, chimene anthu a kumeneko amachitcha Napolo. Dothi la paphiri ndi lochepa, logonera pa thanthwe lotsetsereka, ndipo mvula ikagwa masiku angapo osaleka limakhuta madzi n'kusiyana nalo thanthwelo nthawi imodzi. Zomba anaziona mu Disembala 1946. Mu Malichi 1991 phiri la Michesi linagumukira pa Phalombe nipha anthu mazana angapo, ndipo m'chaka chomwecho boma la Malawi linakhazikitsa lamulo lake la kukonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mapiri ku Blantyre, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe, akufa ndi osowa napitirira 1,000, ndipo dziko lathu linatumiza chakudya ndi ndege za asilikali kukathandiza. Pa ngozi zotere bungwe la okwera mapiri lilibe mphamvu, ndipo amene amafa si alendo okwera mwa kufuna kwawo, koma osauka ogona m'munsi. Chothandiza chachikulu ndi mitengo, imene mizu yake imagwira dothi ndi kuchedwetsa madzi. Anthu a mudzi wa Andermatt ku Switzerland anachidziwa ichi kale mu 1397, pamene analetsa ndi lamulo kudula nkhalango ya pamwamba pa mudzi wawo.

Tsoka ilo, mitengo ya Mulanje yatha tikuona. Mkungudza wa paphiripo, umene sumera mwachilengedwe kwina kulikonse pa dziko lapansi, ndipo unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko la Malawi mu 1984, wadulidwa mwakuba ndi kutenthedwa ndi moto kotero kuti owerenga mu 2017 anapeza mitengo yaikulu 7 yokha. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kunabadwa bungwe lina, Mulanje Mountain Conservation Trust, lokhala ndi antchito olipidwa ndi thumba la ndalama, ndipo ilo pamodzi ndi a zankhalango ndi midzi yozungulira labzala mbande zambirimbiri ndi kulambula njira zotchinga moto. Bungwe lakale lija, limene lilibe antchito koma mamembala odzipereka okhaokha, tsopano ndi limodzi mwa angapo ogwira ntchito paphiripo. Likusamalabe katundu wa m'nyumba zija, likutsogolerabe maulendo, latulutsa buku latsopano la njira, ndipo pakati pa mamembala ake pali Amalawi, chimene oyambitsa ake a 1952 sakanachiyembekeza. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la Mulanje ndi lalikulu.

Mu Julaye 2025 bungwe la UNESCO linalemba Mulanje m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo chifukwa chimene linapereka sichinali kutalika kwa Sapitwa kapena khoma la Chambe, koma chikhulupiriro ndi miyambo ya Amang'anja, Ayao ndi Alomwe amene alilemekeza phirilo mibadwo yonseyi. Alendo adzachuluka tsopano, ndipo pakati pawo padzakhala achinyamata athu a m'masukulu ndi m'mipingo ya kuno kum'mawa, ozolowera kuzizira kotha ndi dzuwa. Chimene ndikanapempha kwa bungweli ndi kwa a zankhalango m'zaka zikubwerazi si chachikulu: kuti wonyamula katundu asakwerenso ndi mapatapata ndi juzi imodzi pamene mlendo wake wavala majasi atatu, kuti amuna otsitsa wovulala pa machila alipidwe monga ayenera, ndi kuti mlonda aliyense akhale ndi njira yodalirika yotumizira mawu pansi, kotero kuti chimene wa pa Chisepo waona kumwamba m'bandakucha chikhale chitalembedwa pakhomo la ofesi ya Likhubula mlendo asanamange nsapato zake.